Pamene Mphunzitsi Atambasula Dzanja

Achinyamata anzanga, ndi inu nonse akhristu a m'parishi mwathu, sabata ino ndafuna ndikambirane nanu nkhani imene yakhala ikuzungulira mumtima mwanga kuyambira nyengo ya Lenti. Nkhaniyi idayamba ndi uthenga wa pa foni.

Ndili ndi mlongo wanga amene amakhala mumzinda wa South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, kumene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wake wamkazi amaphunzira pa sukulu ya boma ya kumeneko. Usiku wina, nditangomaliza kukonza phunziro la akatekumeni, foni idalira. Mlongo wangayo adalemba kuti: "Achimwene, taonani zimene akupempha aphunzitsi a mwana wanu uja. Ine ndapereka kale. Ndasunganso madola 10 oti ndipereke m'dzina lanu ngati chachifundo chanu cha Lenti. Sankhani kalasi imene mukufuna, mundiuze."

Nditatsegula, ndidapeza kalata ya mphunzitsi wamkazi wa kalasi ya ana aang'ono. Ankapempha mabuku a nthano ndi zolembera zamitundumitundu. Pansi pake padalembedwa mtengo wa chinthu chilichonse, ndalama zimene zidali zitasonkhedwa kale, ndi zimene zidatsala. Ndidawerenga kawiri, kenaka ndidaseka ndekha ngati wamisala. Ku America? Dziko limene lidatumiza munthu kumwezi mu 1969, mphunzitsi wake n'kumapempha mapensulo kwa anthu osawadziwa? Ndipo ine, katekisiti wa kuno kwathu, amene njinga yanga ili ndi zigamba zosawerengeka, ndisankhe kalasi ya ku America yoti ndiithandize? Kusekako sikudakhalitse. Ndidakumbukira malemu bambo anga.

Bambo anga adali mphunzitsi wa pulaimale. Mu 1994 boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ine ndidayamba Sitandade 1 mu 1996, pansi pa mtengo wa mango, tikulemba ndi chala pa dothi. Mwezi ukatha, bambo akapita ku boma kukalandira malipiro, ankabwerako ndi sopo, mchere, palafini ndi bokosi limodzi la choko. Madzulo ankakhala pakhonde ndi lezala, n'kumadula pensulo imodzi patatu, kuti ana atatu alembere. Mayi ankadandaula kuti ndalama ya ndiwo yapita ku choko. Bambo ankangoyankha kuti: "Nanga ndikaimirire kutsogolo kwa ana ndili chimanjamanja?" Usiku umenewo ndidazindikira kuti mphunzitsi wa ku Indiana uja ndi bambo anga ndi anthu a mtundu umodzi.

Ndidayamba kufufuza za bungwe limene limayendetsa ntchitoyi. Dzina lake ndi DonorsChoose, ndiye kuti opereka amasankha okha kumene ndalama zawo zipite. Adaliyambitsa mu 2000 mnyamata wina dzina lake Charles Best, amene ankaphunzitsa pa sukulu ya sekondale ya boma ku Bronx, dera la anthu ambiri osauka mumzinda wa New York. Iye ndi aphunzitsi anzake ankagula zinthu za m'kalasi ndi ndalama za m'thumba mwawo, ndipo pa nthawi ya nkhomaliro ankakambirana za mabuku ndi maulendo amene ankalakalaka kuchitira ana koma ndalama panalibe. Best adaganiza kuti alipo anthu ambiri ofuna kuthandiza, amene amangoopa kuti ndalama zawo zikalowa m'bungwe sazionanso kumene zathera. Adakonza tsamba la pa intaneti, ndipo pofuna kukopa anzake kuti alembepo zosowa zawo, adawabweretsera mapeyala ootcha amene mayi ake adakonza. Zopempha zoyamba zidali 11. Chimodzi adalipira azakhali ake, ndipo zina 10 adalipira iye mwini mobisa, kotero kuti anzakewo adakhulupirira kuti kunja kuli anthu achifundo amene akuwamva. Mbiri idafalikira. Mu 2003 Oprah Winfrey adatchula bungweli pa wailesi ya kanema, anthu n'kukhamukirako mpaka makina adalephera kupirira. Mu 2007 lidatsegula khomo kwa sukulu zonse za boma za m'dzikomo, ndipo pofika lero ndalama zimene zadutsamo zidapitirira kale madola 1 biliyoni.

Kayendetsedwe kake nkofunika kukamvetsa, chifukwa m'menemo muli phunziro kwa ife. Mphunzitsi amalemba chimene akufuna ndi chifukwa chake, n'kusankha katunduyo m'masitolo amene bungwelo limagwira nawo ntchito. Bungwe limaunika pempholo ndi mitengo yake lisanaliike poyera. Munthu aliyense angathe kupereka ngakhale dola imodzi. Pempho limakhala pamenepo mpaka miyezi inayi. Ndalama zikakwana, bungwe ndilo limagula katunduyo ndi kumutumiza ku sukulu, ndipo mphunzitsi sagwira ndalama m'manja ngakhale pang'ono. Katundu akafika, mphunzitsi amatumiza zithunzi ndi kalata yothokoza, ndipo opereka ena amalandira makalata olembedwa ndi manja a ana enieniwo. Ndalama zikapanda kukwana nthawi n'kutha, wopereka amaloledwa kusamutsira chopereka chake ku pempho lina. Pa chopereka chilichonse bungwe limapempha kuti magawo 15 pa 100 atsale oyendetsera ntchito, koma wopereka ali ndi ufulu wochepetsa kapena kukana.

Mwina mukufunsa monga ndidafunsira ine kuti, kodi dziko lolemera chotere likulephera bwanji kugula mapensulo? Yankho lili m'mene sukulu zawo zimapezera ndalama. Boma lalikulu la ku Washington limapereka gawo lochepa, pafupifupi limodzi mwa magawo 10. Zotsalazo zimachokera ku boma la chigawo ndi ku dera limene sukuluyo ili, makamaka ku msonkho wa nyumba ndi malo. Dera la nyumba zodula limatolera msonkho wambiri, dera la nyumba zotsika mtengo limatolera wochepa, ndipo mwana wobadwira m'dera losauka amayamba ulendo wake ali kale m'mbuyo. Kafukufuku wa boma lawo wa chaka cha sukulu cha 2015 mpaka 2016 adapeza kuti aphunzitsi 94 mwa 100 alionse a m'sukulu za boma adagwiritsa ntchito ndalama zawo kugula zinthu za m'kalasi popanda kubwezeredwa, ndipo pogawa mofanana aliyense adawononga madola 479 pa chaka. Bomalo likudziwa bwino zimenezi, chifukwa kuyambira 2002 lidalola aphunzitsi kuchotsera madola 250 pa ndalama zimene amakhomerapo msonkho, ndipo mu 2022 lidakweza kufika pa madola 300. Lamulo lenileni la dziko likuvomereza kuti mphunzitsi azigula choko ndi ndalama ya ndiwo.

Ndisabise, zambiri za ntchitoyi zidandisangalatsa. Choyamba, amene amanena chosowa ndi mphunzitsi mwini, amene amawadziwa ana ake ndi maina. Kangati kuno kwathu tidaona alendo akubwera ndi galimoto, atakonza kale mphatso zawo ali kutali, n'kusiya makompyuta pa sukulu yopanda magetsi? Chachiwiri, wopereka wamng'ono ali ndi malo. Pa Marko 12 timamva za mai wamasiye amene Ambuye adamuyamikira chifukwa cha tindalama take tiwiri, ndipo apa tindalama totere tikaphatikizana timagula buku looneka ndi maso. Chachitatu, zonse zili poyera. Tikadakhala kuti m'miphakati mwathu, m'makwaya ndi m'magulu a achinyamata timaonetsa mtengo wa chinthu chilichonse ndi lisiti lake monga amachitira iwowa, mikangano yambiri imene imatigawanitsa ikadatha kalekale. Makolo athu adati kupatsa n'kuika, koma munthu amaika ndi mtima wonse pamene akudziwa kuti nkhokwe yake ilibe chiboo.

Vuto lidayamba pamene ndidakhala pansi kuti ndisankhe. Zopempha zidali zikwizikwi. Wina ankafuna mabuku, wina zipangizo za sayansi, wina mipando. Ena ankapempha majekete a nyengo yozizira, sopo ndi tizakudya ta ana obwera ku sukulu ndi njala. Ndidatsika ndi chala pa foni kwa ola lathunthu, ngati munthu wosankha tomato pa msika. Kenaka ndidadzigwira ndekha. Ndidaona kuti maso anga ankaima pa chithunzi cha ana omwetulira bwino ndi pa kalata yolembedwa mwaluso, yokhudza mtima. Zopempha za mawu ouma, zopanda chithunzi chokopa, ndinkangozidumpha. Koma kodi mwana wa m'kalasi ya mphunzitsi wosadziwa kulemba mokoma, njala yake ya buku ndi yocheperapo? Akuluakulu adati ukaipa dziwa nyimbo. M'njira imeneyi mphunzitsi wa ana osauka ayenera kudziwa nyimbo, ayenera kukhala katswiri wopempha, ndipo ayenera kuchita zimenezi usiku, atatopa kale ndi ntchito imene adalembedwera. Komanso pempho limadzaza msanga ngati mphunzitsiyo ali ndi abale ndi anzake a pa Facebook amene ali ndi kangachepe. Wopanda anthu otere amadikira mlendo wachifundo.

Nthawi zina mlendoyo amabweradi. Mu 2015 Stephen Colbert, wanthabwala wotchuka wa pa wailesi ya kanema, pamodzi ndi mabungwe ena awiri, adalipira zopempha zonse za aphunzitsi a m'chigawo cha kwawo cha South Carolina, ndalama zokwana madola 800,000. M'mwezi wa Malichi 2018 kampani ya Ripple idapereka madola 29 miliyoni ndi kulipira zopempha zonse zimene zidalipo m'dziko lonse, zopitirira 35,000. Lidali tsiku lachikondwerero, ndipo ndani angakane kuti ana adapindula? Koma sipadapite nthawi, mndandanda udayambanso kudzaza, ndipo usiku umene ine ndinkasankha udali wodzaza ndithu. Mvula ya tsiku limodzi, ngakhale ikhale yamkuntho, siikhwimitsa chimanga.

Apa ndiyenera kuulula tchimo langa, chifukwa nkhaniyi siili kutali ndi ife monga ikuonekera. Zaka ziwiri zapitazo, ife amene tidaphunzira pa sukulu ya pulaimale ya kumudzi kwathu tidatsegula gulu la pa WhatsApp. Ena ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ena ku Johannesburg, awiri ali ku Britain. Tidagwirizana zosonkha ndalama zogulira madesiki a Sitandade 5, ndipo anzanga adandisankha kukhala msungichuma, poti amati munthu wa ku tchalitchi sangadye za ana. Ndalama zinkabwera pa Airtel Money ndi pa Mpamba, koma zinkabwera mwaulesi. Mmodzi wa anzathu a kunja adandilembera kuti: "A katekisiti, anthu satulutsa ndalama popanda kuona. Tumizani zithunzi zogwira mtima."

Ndidapalasa njinga mpaka ku sukulu kuja. Ndidapempha aphunzitsi aakulu kuti andilole kujambula ana atakhala pansi. Iwo adavomera, ngakhale nkhope yawo idaonetsa kuti sadakondwe. Nditalowa m'kalasi, ndidachita chinthu chimene mpaka lero chimandichititsa manyazi. Ndidaona kamtsikana kena kovala diresi long'ambika paphewa, kopanda nsapato, ndipo ndidakauza kuti kasunthire kutsogolo. Ana ovala bwinoko ndidawabweza m'mbuyo. Kamtsikanako kadamvera, poti ndine wamkulu, koma pamene ndinkakweza foni kadaphimba phewa lake ndi kope, n'kuweramitsa mutu. Kadadziwa chifukwa chimene ndidakasankhira. Aphunzitsi a kalasiyo, mai wachikulire amene adagwirapo ntchito ndi bambo anga, adandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti: "Mwana wanga, bambo ako sakadachita zimenezi."

Chithunzicho ndidatumizabe. Ndalama zidabwera msanga, ndipo madesiki tidagula. Pa tsiku lowapereka padali nyimbo, magule ndi zolankhula, ndipo dzina langa lidatchulidwa kangapo. Kamtsikana kaja kadakhala pa desiki yatsopano, koma sikadandiyang'ane m'maso. Ndidagula madesiki ndi ulemu wa mwana amene sindidamupemphe chilolezo, ndipo mtengo umenewo sudalembedwe m'buku langa la msungichuma.

Tsiku lomwelo, mwambo utatha, adandipeza mphunzitsi wina wachinyamata wochokera pa sukulu ya kutsidya kwa mtsinje. Sukulu imeneyo ndi yatsopano, ana ake oyamba sadafike patali, ndipo ilibe ngakhale munthu mmodzi ku Johannesburg. Adandigwira chanza mwaulemu, n'kufunsa kuti: "A katekisiti, zikomo chifukwa cha ntchito yabwinoyi. Nanga ife amene tilibe gulu la pa foni, tilembere kwa yani?" Ndidasowa choyankha. Ndidamuuza kuti tidzaona, monga timanenera tikafuna kuthawa munthu. Funso lakelo ndi lomwe lidandibwerera usiku uja ndikusankha kalasi ya ku America. Intaneti imafulumizitsa chifundo ndi kuchifikitsa kutali, koma njira zimene chimadutsa ndi zakale zomwe zija: chibale, chinansi, kudziwana ndi maonekedwe. Amene ali kunja kwa njira zimenezi amatsala monga adaliri, ndipo tsopano akuonera anzawo akulandira.

Mpingo udaziona kale zoterezi, intaneti isanabadwe. Mu 1965, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake chonena za utumwi wa akhristu eniake, udachenjeza za mmene ntchito zachifundo ziyenera kuchitikira. Mfundo zake, m'mawu anga, ndi izi: wothandizidwa alemekezedwe, ufulu wake ndi ulemu wake zisapondedwe, wothandiza asafunepo phindu kapena ulamuliro, zimene munthu ayenera kulandira mwa chilungamo ziyambe zaperekedwa, kuti ngongole isasandulike mphatso, ndipo tilimbane ndi gwero la vuto pamodzi ndi zotsatira zake. Msonkhano womwewo, m'chaka chomwecho, udaphunzitsa kuti maphunziro ndi ufulu wa munthu aliyense chifukwa cha ulemerero wake ngati munthu. Ngati zili choncho, ndiye kuti buku, desiki ndi choko ndi ngongole imene dziko lili nayo kwa mwana. Mwana wa ku Bronx ndi kamtsikana ka kwathu kaja sayenera kuthokoza ngati olandira mwayi pa chinthu chimene chidali chawo kale. Taganizani munthu amene adakubwerekani thumba la chimanga, n'kubwera nalo patapita chaka akuimba nyimbo, akufuna mumuvinire ndi kumujambula chithunzi chifukwa cha kuwolowa manja kwake.

Maepiskopi athu a ku Malawi adayenda m'njira yomweyi m'kalata yawo ya Lenti ya mu 1992, imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi. Ambiri timaikumbukira chifukwa cha ndale, koma m'kalatamo adalankhulanso za sukulu: kuthithikana kwa ana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi kusowa kwa zipangizo. Mpingo udali ndi sukulu zake ndipo unkathandiza kale ana ambiri, komabe abusa athuwo adaona kuti kuthandiza kokha sikukwanira ngati pakamwa pali potseka. Adalankhula, ngakhale kuti kulankhulako kudaika moyo wawo pachiswe.

Tsono kodi tileke kupereka, tizingodikira boma? Ayi ndithu. Mwana amene ali mu Sitandade 5 chaka chino sadzakhalanso mu Sitandade 5 pamene ndondomeko za boma zidzakonzeke. Papa Benedikito wa 16, m'kalata yake yoyamba ya mu 2005 yonena kuti Mulungu ndiye chikondi, adafotokoza kuti kukonza dziko mwachilungamo ndi udindo waukulu wa boma ndi ndale, komanso kuti ngakhale m'dziko lolungama kopambana chikondi chidzafunikabe, chifukwa sipadzasowa munthu wovutika wofuna mnzake. Adaonjezanso kuti mphatso imatha kunyazitsa wolandira ngati woperekayo sadziperekamo yekha. Charles Best sadalakwe kuyambitsa ntchito yake, mlongo wanga sadalakwe kupereka, ndipo madesiki athu aja ana akukhalirabe. Cholakwa chimabwera pamene chopereka chatigoneka tulo, pamene chithunzi cha ana othokoza chatipangitsa kuiwala kufunsa chifukwa chimene mphunzitsi adafikira potambasula dzanja. Chimabweranso pamene olamulira aona kuti anthu achifundo akutseka mabowo, iwo n'kupinda manja.

Pali woyera mmodzi amene amandithandiza pa nkhaniyi, Yohane Mbatizi de La Salle, amene Papa Piyo wa 12 adamutcha nkhoswe ya aphunzitsi mu 1950. Adabadwa mu 1651 mumzinda wa Reims ku France, m'banja lolemera, ndipo adali wansembe wa udindo wa malipiro abwino pa tchalitchi cha katedralo. Adayamba ndi kuthandiza aphunzitsi osauka a sukulu zaulere za ana a amphawi: kuwalipirira nyumba, kuwadyetsa, mpaka kuwalowetsa m'nyumba mwake. Tsiku lina akuwalimbikitsa kukhulupirira chisamaliro cha Mulungu, aphunzitsiwo adamuyankha mosabisa kuti kwa iye n'kosavuta kulankhula choncho, popeza sukulu zikagwa iye ali ndi chuma chake, pamene iwo adzakhala opemphapempha. Mawuwo adamulasa. Mu 1683 adatula pansi udindo wake uja, ndipo njala itagwa m'dzikomo adagawa chuma chake kwa anjala, n'kukhala mmodzi wa aphunzitsiwo mpaka imfa yake mu 1719. Sindikunena kuti tonse tigulitse njinga zathu. Chimene ndikuona mwa iye ndi chakuti adalola kuti anthu amene ankawathandiza amudzudzule, ndipo adamva. Ine mai mphunzitsi uja adandidzudzula, koma ndidatenga zaka ziwiri kuti ndimve.

Achinyamata anzanga, ambiri mwa inu muli ndi foni, ndipo muli m'magulu osonkha ndalama za sukulu, za maliro ndi za odwala. Ena mudzapita kunja ndipo mudzakhala inu otumiza. Ndikupempheni zinthu zingapo zimene ine ndaziphunzira mochedwa. Musanasonkhe, pitani kwa mphunzitsi mukamufunse chimene akusowa, ndipo mumvere yankho lake ngakhale likhale losakopa ngati choko kapena chitseko cha chimbudzi cha atsikana. Lembani ndalama iliyonse, ndipo lisiti lililonse lionekere kwa onse. Musajambule mwana m'njira imene simungalole kuti mng'ono wanu ajambulidwe. Jambulani pansi popanda desiki, jambulani denga lodontha, ndipo ngati mwana aonekemo, iye ndi makolo ake avomere. Pa zimene mwasonkha, patulani gawo la sukulu imene ilibe woilankhulira. Ndipo mukapereka, musathere pamenepo. Pitani ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Funsani komiti ya sukulu za ndalama zimene boma limatumiza zotukulira sukuluyo, kuti zidafika liti ndipo zidagula chiyani. Funsani khansala ndi phungu wanu mwaulemu koma mosaopa. Kufunsa kotere ndi ntchito yachifundo yomwe, ngakhale kuti palibe amene adzakutumizireni kalata yothokoza.

Mwina mukufuna kudziwa kumene madola 10 aja adapita. Ndidasiya kuyang'ana zithunzi. Ndidafufuza pempho limene lidatsala ndi masiku ochepa kuti nthawi yake ithe, lochokera pa sukulu ya ana a mabanja osauka, ndipo ndidapeza la mphunzitsi wina wamwamuna amene adalemba mizere yochepa yopanda zokometsera, kupempha mapepala ndi zolembera. Ndidauza mlongo wanga kuti apereke kumeneko, ndipo asalembe dzina langa, pokumbukira zimene Ambuye amatiphunzitsa pa Mateyo 6 za kupereka mobisa. Iye adaseka n'kunena kuti: "Achimwene, mwasankha wosadziwa kupempha." Ndidamuyankha kuti bambo athunso sankadziwa kupempha.

Pasaka itapita ndidapalasanso njinga kupita kumudzi. Ndidakapepesa kwa mai mphunzitsi uja, ndipo tidapita limodzi kwa amayi ake a kamtsikana kaja, amene tsopano kali mu Sitandade 7. Ndidawafotokozera zimene ndidachita, ndi kuti chithunzicho ndachichotsa m'foni mwanga ndipo ndapempha anzanga a m'gulu kuti achite chimodzimodzi, ngakhale sindingatsimikize kuti sichidafike kwina. Maiwo adandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti: "Tamva, a katekisiti. Pitani bwino." Mtsikanayo adali pambali akusenda chinangwa, ndipo sadanene kanthu. Sindikudziwa ngati adandikhululukira, ndipo ndilibe ufulu womukakamiza.

Kuchoka apo ndidawoloka mtsinje kukaonana ndi mphunzitsi wachinyamata uja. Ndidamupempha kuti alembe yekha zimene kalasi yake ikusowa, ndi mitengo yake. Adalemba zinthu zisanu, ndipo choyamba pa mndandandawo chidali bokosi la choko. Pepalalo ndalipereka ku gulu lathu la pa WhatsApp popanda chithunzi chilichonse, ndipo ndalama zikubwera pang'onopang'ono kuposa ulendo uja. Pepala lina lofanana nalo tidalipereka ku komiti ya sukuluyo kuti ipite nalo kwa akuluakulu a zamaphunziro. Lamulungu likudzali Misa ikatha ndidzakhala nalo pakhomo la tchalitchi, kuti amene angafune aliwerenge.

Tiwakumbukire m'mapemphero athu aphunzitsi onse, a kuno ndi a kutali, amene amagawa malipiro awo ochepa ndi ana a eni. Yohane Mbatizi de La Salle woyera, mutipempherere.